Lipoti la Madzi a pa Mjigo Wathu

Chaka chimene mkazi wanga anali ndi pakati pa mwana wathu wachiwiri, tinkakhala ku Chigumula, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya eni ake. Ine ndinali telala wa pakhonde ku Limbe. Makina anga ankakhala pakhonde la sitolo ya nsalu ya mmwenye wina, ndipo ndikaweruka ndinkawalowetsa mkati, kuseri kwa chitseko. Madzi tinkatunga pa mjigo umene unali kumunsi kwa nyumba, pafupi ndi timinda ta chimanga.

Mvula itayamba, ana a m'dera lathu anayamba kutsegula m'mimba. Mwana wathu woyamba, wamkazi, anali asanayambe sukulu, ndipo nayenso anagona m'chipatala masiku atatu ali pa diripi. Anachira, koma anatuluka maso atalowa mkati, kadiresi kamene ndinamusokera kakumukhwepa m'mapewa.

Pasanapite nthawi kunabwera galimoto yoyera ya boma. Ine sindinaione chifukwa ndinali kuntchito, anandifotokozera ndi mkazi wanga. Anati munatsika anthu awiri ovala magolovesi, anatunga madzi m'timabotolo pa mjigo wathu, kenako anapita ku mijigo ina iwiri ya kumtunda. Amayi amene anali pamjigo atawafunsa ngati madziwo ali bwino, mmodzi anayankha kuti akawayeza kaye, ndipo zotsatira zake zidzalembedwa mu lipoti lapachaka.

"Ndiye lipotilo adzabwera nalo kuno?" ndinamufunsa mkazi wanga.

"Sananene. Amaoneka kuti akufulumira."

Mawu akuti lipoti lapachaka sanali achilendo kwa ine. Malemu bambo anga anagwira ntchito ya umesenjala mu ofesi ina ya boma m'tauni kwa zaka zambiri. Chaka chilichonse ankatsitsa makatoni a mabuku amenewo pagalimoto n'kukawayala patebulo lalitali la m'chipinda chofikira alendo. Munthu aliyense ankatha kulowa, kulemba dzina m'buku la pakhomo, kukhala pabenchi n'kuyamba kuwerenga. Mabuku akale akatha ntchito bambo ankabwera nawo kunyumba, ndipo mayi ankatikutira nawo makope. Chingerezi changa chochepachi, gawo lina ndinachiphunzira pa zikuto za makope zimenezo. Choncho ndinamuuza mkazi wanga kuti asade nkhawa, likatuluka ndidzapita ndekha kukaliwerenga.

Tinadikira miyezi. Mkazi wanga ankawiritsa madzi akumwa makala akapezeka, koma si tsiku lililonse pamene ankapezeka okwanira kuphikira ndi kuwiritsira. Komanso mwana ndi mwana, akamasewera kwa anzake amamwa pamene wapeza kapu. Ine ndinayamba khalidwe limene ndinalibe kale. Mwanayo akangolowera kuchimbudzi ndinkasiya chimene ndikuchita n'kumadikira kuti atenga nthawi yaitali bwanji. Akatuluka ndinkamufunsa ngati m'mimba mukupweteka, mpaka anayamba kundithawa. Mimba ya mkazi wanga inkakula, ndipo ndikamuona akumwa madzi ndinkayang'ana kumbali.

Tsiku lina m'mawa, ndikusoka yunifolomu, ndinamva pawailesi ya wogulitsa nsapato wa pafupi nane kuti nthambi ya boma yoona za madzi yatulutsa lipoti lake la chaka chimene chapita. Mawa lake ndinavala shati yoyera, ndinalowetsa makina m'sitolo nthawi ya nkhomaliro, ndinakwera minibasi yopita m'tauni.

Ofesiyo ndinaipeza mosavuta. Mlonda wa pageti anandilembetsa dzina n'kundilozera chitseko. M'chipinda chofikira alendo munali tebulo ndi benchi monga ndinkayembekezera, koma patebulo panalibe buku ndi limodzi lomwe, panali m'phika wa maluwa apulasitiki. Kuseri kwa kauntala kunali mayi wina wachikulire wovala magalasi, akulongedza mafayilo.

"Tikuthandizeni, bambo?"

"Ndimafuna ndiwerenge nawo lipoti lapachaka limene latuluka, amayi."

"Mwachokera ku bungwe liti?"

"Sindinachokere ku bungwe. Ndine telala, ndimakhala ku Chigumula. Anadzatenga madzi pa mjigo wathu."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, osati mwaukali. "Malipoti masiku ano sitisindikizanso, bambo. Amaikidwa pa intaneti. Aliyense akhoza kuwerenga, ngakhale ali kunyumba kwake."

"Palibe ngakhale limodzi la pano, loti munthu angoona n'kulisiya?"

"Ngakhale ine ndilibe. Likanakhalapo ndikanakupatsani."

Anang'amba kapepala, anakopera zilembo zimene zinali pa chikalata chomatidwa pakhoma, n'kundipatsa. Anati ndikalembe zimenezo pafoni, tsamba lidzatseguka. Ndinatulutsa foni yanga m'thumba. Inali yamabatani, yomangidwa ndi labala kuti batire lisagwe. Mayiwo anaiona, kenako anati ndikayese kumalo kumene amabwereketsa makompyuta. Kompyuta imene inali patebulo pawo anati netiweki yake inali itaduka kuyambira sabata yatha.

Ndinatuluka ndi kapepalako m'manja. Panja anthu anali piringupiringu kulowa ndi kutuluka m'mabanki, oitanira minibasi akukuwa za Limbe, ndipo ine ndinaima pakhoma kukawerenga kawiri katatu. Zinali zilembo zogundizana, zokhala ndi timadontho ndi timizere, zopanda mawu amene ndikanatha kuwatchula.

Ku Limbe kunali malo ena pamwamba pa sitolo ya zitsulo kumene anthu ankapita kukalemba makalata ofunsira ntchito. Ndinapitako kawiri. Ulendo woyamba ndinapeza magetsi atazima, mwini wake atakhala pakhomo akudzikupiza ndi katoni. Ulendo wachiwiri magetsi analipo, anandilembera zilembozo, koma pakompyuta panangobwera tsamba loyera ndi kachinthu kozungulira pakati. Tinakayang'ana kachinthuko mpaka anthu a pambuyo panga anayamba kung'ung'udza. Mwini wakeyo anati mwina amene anandilembera anaphonya chilembo, kapena makina a boma agona, ndidzabwerenso. Kapepala kaja kanali katayamba kufewa ndi thukuta la m'thumba, ndipo chilembo chimodzi sichinkadziwikanso bwino.

Kunyumba mkazi wanga ankandifunsa tsiku lililonse ndikangofika, ndisanavule ndi nsapato zomwe.

"Mwaliona?"

"Ayi, koma ndatsala pang'ono."

"Inu munkati mukangolowa n'kuwerenga."

"Zinasintha, mayi. Sindinkadziwa."

Sankanena mokalipa. Koma ine ndinkamva ngati ndamunamiza, popeza ndine ndinamuuza kuti asade nkhawa.

Lachisanu la sabata imeneyo ndinasokera thumba la shati ya kasitomala mkati m'malo mwa kunja. Ndinazindikira nditamaliza, ndipo ndinayamba kusomola ulusi mofulumira kuti mwini wake asandipeze. Nthawi yomweyo bwana wa sitolo, mmwenye uja, ankachokera ku mzikiti, atavala mkanjo wake woyera. Anali munthu wa zaka zofanana ndi bambo anga akanakhala moyo, wobadwira ku Limbe komweko, ndipo Chichewa ankayankhula ngati ife. Anaima n'kuyang'ana shatiyo.

"Atelala, zaka zonsezi sindinakuoneni mukulakwitsa thumba. Kunyumba kuli bwino?"

Ndinafuna kuyankha kuti kuli bwino, koma pakamwa panatuluka nkhani yonse, ya mwana, ya mjigo, ya galimoto yoyera ndi ya kapepala. Anatambasula dzanja, ndinamupatsa kapepalako. Anakayang'ana atakatalikitsa ndi maso.

"Tiyeni mkati."

Zaka zonse zimene ndinakhala pakhonde limenelo ndinali ndisanadutse pa kauntala. Tinadutsa pakati pa mipukutu ya nsalu mpaka m'kachipinda ka kumbuyo, mmene munali fungo la zofukiza ndi kompyuta imene ankaitanitsira katundu. Anandilozera mpando, koma ndinakhala m'mphepete mwake. Zilembo za pakapepala zinakananso. Iye anazisiya, analemba dzina la nthambi ya bomayo, n'kumatsegula tsamba ndi tsamba, akudandaula pansipansi kuti anthu amenewa amabisa zinthu ngati singano mu thonje. Kenako anati, "Ili apa." Koma lipotilo linali lalikulu, ndipo linkatsika pang'onopang'ono. Kawiri anaitanidwa kukauntala, n'kundisiya ndekha ndikuyang'ana kamzere kobiriwira kamene kankayenda n'kuima. Ndinkaopa kupuma mwamphamvu kuti ndingagwedeze tebulo. Ndinkaopanso magetsi.

Litatseguka, masamba oyamba anali zithunzi za akuluakulu ndi mawu awo. Bwana analemba dzina la Chigumula m'kabokosi, ndipo kompyuta inatilumphitsira kutali, kumapeto kwa lipoti, pa tsamba lodzaza mizere ndi timabokosi. Panali mizere itatu ya dera lathu. Pa iwiri panalembedwa mawu a Chingerezi otanthauza kuti madzi ali bwino. Pa wachitatu panalembedwa kuti munapezeka tizilombo tochokera m'chimbudzi, ndipo madziwo sali oyenera kumwa osathira mankhwala.

"Wanu ndi uti?" bwana anafunsa.

Ndinayandikira. Ife mijigo timaitchula ndi zimene zili pafupi, wa kumunsi, wa pa tchalitchi, wa pa mango. Mu lipotimo munalibe mayina amenewo. Mjigo uliwonse unali ndi nambala yake yaitali basi.

"Sindikudziwa, bwana."

Anafufuza ngati pali mapu, koma sanawapeze. Anandisindikizira masamba awiri, tsamba la mizere ija ndi lina lofotokoza tanthauzo la mawu, n'kundipatsa mu envelopu yakale. Ndikutuluka anandiuza kuti ndisamwetse mwana madzi osawiritsa mpaka nditadziwa, ndipo ndinavomera ngati kuti ndi zimene tinkachita masiku onse.

Loweruka ndi Lamlungu limenelo linali lalitali. Kale tinkangokayikira, koma tsopano tinkadziwa kuti umodzi mwa mijigo itatuyo ndi woipa, osadziwa kuti ndi uti. Mkazi wanga anafuna kuti tiyambe kutunga pa wa pa tchalitchi. Ndinamufunsa kuti nanga woipawo ukakhala umenewo, tidzakhala titathawa wabwino n'kupita ku woipa. Tinapitiriza kutunga pa wa kumunsi. Tinawiritsa madzi ndi zitsononkho ndi timitengo ta m'munda mwa eni nyumba, ndipo ankamveka utsi. Mwana anawakana, tinachita kumunyengerera.

Lolemba m'mawa sindinatulutse makina. Ndinabwerera ku ofesi ija. Mayi wa magalasi anandikumbukira.

"Atelala a ku Chigumula. Munalipeza?"

Ndinayala masamba aja pakauntala n'kuwalozera mizere itatu. Anawerenga mofatsa, chala chawo chikuyenda pansi pa mawu, ndipo atafika pa mzere wachitatu anavula magalasi.

"Manambalawa ine sindiwadziwa. Amene anayeza ali ku likulu. Tadikirani."

Analowa mkati. Ndinakhala pabenchi nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kuganiza kuti andiiwala. Atabwerera anali ndi bambo wina wa ndevu zaimvi ndi kapu ya tiyi m'manja, amene anati ndi dalaivala woyenda ndi anthu oyendera mijigo. Bamboyo sanayang'ane nthawi yaitali.

"Izi n'zosavuta, achimwene. Mjigo uliwonse uli ndi nambala yake. Amailemba pa simenti isanaume, cha kumene madzi amatayikira, kapena pa kachitsulo ka pakhosi pa mjigo. Mukapale matope, mukaiona."

Ndinathokoza, ndipo m'malo mobwerera pakhonde ndinakwera minibasi ziwiri mpaka ku Chigumula. Dzuwa linali pamutu. Sindinalowe n'kunyumba komwe. Pamjigo panali amayi anayi kapena asanu ndi zidebe zawo, ndipo anadabwa kuona bambo wa shati yoyera akugwada m'matope. Pakhosi pa mjigo panali zibowo ziwiri za misomali, kachitsulo kanachoka kale. Ndinatulutsa sizasi yakale imene inkakhala m'thumba langa, ndinayamba kupala ndere pa simenti, kuzungulira ngalande yonse. Mayi wina anandifunsa ngati ndataya kanthu. Ndinati ayi.

Zilembo zinayamba kuoneka pakona, zolembedwa ndi msomali kapena kamtengo. Ndinathirapo madzi ndi dzanja. Ndinatsegula envelopu, pepala linanyowa m'mphepete, ndipo ndinafanizira chilembo chimodzichimodzi, kuyambira kumayambiriro, kenako kuyambira kumapeto. Inali nambala ya pa mzere wachitatu.

Ndinakhala pansi pa simenti yonyowayo. Pafupi nane mayi wina anali akupopa, ndipo kamtsikana kake kanatchera manja pa mpopi n'kumwa. Ndinamugwira dzanja mayiyo kuti asiye kupopa, chinthu chimene sindikanachita kwa mkazi wa mwini tsiku lina lililonse, ndipo ndinayamba kufotokoza mosalongosoka.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinapita ndi mkazi wanga kwa amayi amene anali wapampando wa komiti ya mjigo. Anali munthu wolemekezeka, amene anavutikira mjigowo kuti ukumbidwe. Anatilandira pakhonde, anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anatenga masambawo n'kuwatembenuza kumbuyo.

"Chidindo chili pati?"

"Palibe chidindo, amayi. Zachokera pa intaneti."

"Ndiye ndikawauze anthu kuti asiye mjigo chifukwa cha mapepala awiri opanda chikuto, opanda chidindo, osindikizidwa m'sitolo ya nsalu? Zikanakhala zoona boma likanabwera lokha kudzatiuza. Anabwera kudzatenga madzi, njira akuidziwa."

"Inenso ndimayembekeza choncho. Koma nambala ndi yomweyo. Tiyeni mukaione."

"Sindikukana kuti mwaona nambala, bambo. Koma pa intaneti anthu amalembapo zambiri. Mwezi watha pomwepa ankati mchere wina ukupha anthu."

Ndikanabwera ndi buku lenileni, lolemera, la chizindikiro cha boma pachikuto, ndikukhulupirira kuti akanaimirira nthawi yomweyo. Mkazi wanga, amene sakonda kuyankhula pa anthu, ndiye anati, "Amayi, ine ndatsala ndi mwezi umodzi. Ngati pepalali likunama, tataya chiyani tikawiritsa madzi? Nanga ngati likunena zoona?" Wapampandoyo anayang'ana mimba ya mkazi wanga, ndipo anati aitanitsa alangizi a zaumoyo kuti adzaone okha.

Eni nyumba athu sanakondwere. Anatiuza kuti tisamafalitse nkhani zothawitsa anthu a lendi. Oyandikana nawo ena anatikhulupirira, ena ankati atelala ayamba uneneri. Ine ndinayamba kudzuka m'mamawa kukatunga madzi pa mjigo wa pa tchalitchi, nditapita kaye kukapala simenti yake n'kutsimikiza kuti nambala yake ili pa mzere wabwino. Ndinkanyamula zigubu ziwiri m'manja kutsika nazo phiri, amuna anzanga akundiseka pa njira yopita ku siteji. Ndikafika pakhonde ku Limbe zala zinkakhala zitauma, ulusi unkandivuta kulowetsa pa singano.

Alangizi a zaumoyo anabwera patatha masiku angapo, mayi wa yunifolomu yabuluu woyenda wapansi. Anawerenga masamba aja ataima pamjigo pomwepo, anthu atamuzungulira. Atamaliza ananena motsitsa mawu kuti iyenso anali asanalione lipotilo, ngakhale dera limeneli linali lake. Anayenda kumtunda kwa mjigo n'kutilozera zimbudzi za nyumba zatsopano zimene zinamangidwa pambuyo poti mjigo wakumbidwa. Anapempha kuti akajambulitse masambawo, ndipo ndinamuperekeza mpaka pamsewu chifukwa sindinafune kuti achoke m'maso mwanga. Sabata yotsatira anabwera ndi klorini, ndipo komiti inagwirizana kuti madzi a mjigo wa kumunsi akhale ochapira ndi kukolopera basi. Analemba zimenezo ndi penti pa khoma la simenti. Mvula itabweranso pentiyo inayamba kufufutika, ndipo anthu ofulumira ankatunga n'kumwa monga kale.

Chimene chinkandisowetsa mtendere kwambiri chinali tsiku limene linalembedwa pambali pa mzere uja, losonyeza nthawi imene madziwo anayezedwa. Kuchokera pamenepo mpaka tsiku limene ndinagwada pa simenti panali patadutsa miyezi yambiri, ndipo miyezi yonseyo mkazi wanga anamwa madzi amenewo ali ndi mwana m'mimba. Sindinamuonetse tsikulo. Mpaka pamene anachira ndinkangoganiza zimenezo, ndili pamakina, ndili mu minibasi. Mwanayo anabadwa wamwamuna, wochepa thupi koma wolira mwamphamvu, ndipo anamwino anati palibe chovuta. Ndinawafunsa kawiri.

Mwana atayamba kukwawa tinapeza nyumba ku Chinyonga, kufupi ndi kuntchito, kumene kunali mpopi pabwalo. Tsiku losamuka, tikukweza katundu pa kagalimoto kamene tinachita hayala, anthu olowa m'nyumba mwathu anali atafika kale ndi mitolo yawo, akudikira pansi pa mtengo wa mapeyala. Anali banja lachinyamata lochokera ku Thyolo, mkaziyo ali ndi khanda kumbuyo. Eni nyumba anali ataima pakhomo pawo akutiyang'ana. Ndinazengereza, kenako ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa envelopu ija n'kupita kwa mkaziyo.

"Achemwali, madzi akumwa musamatunge pa mjigo wa kumunsiwu. Muzipita wa pa tchalitchi. Zalembedwa apa."

Anayang'ana masambawo n'kunena kuti Chingerezi sadziwa. Ndinamulozera mzere wachitatu, ndinayamba kumufotokozera za nambala ya pa simenti, koma dalaivala anali akuliza hutala, ndipo mwamuna wake ankandiyang'ana modabwa kuti ndine ndani. Mkaziyo anapinda masambawo kanayi n'kuwalowetsa m'mphepete mwa chitenje, pamene amayi amasunga zinthu. Ndinakwera kumbuyo kwa galimoto, pakati pa matiresi ndi mbaula, ndipo tikukhota pa msewu ndinamuona akumasula chidebe pa mtolo wake. Sindinathe kuona kumene analowera nacho.